Tinjerwa ta a Luwo

Zakia anakoka bokosi lija kunsi kwa bedi, nalikwakwaza mpaka pakhonde, kenako analisiya pamapazi pa mwamuna wake. Zam'katimo zinachita phokoso, khocho khocho, ndipo Swadick anadzidzimuka ngati waponda moto.

"Lero ndi lero, bambo a Nadia. Achimwene a Jaffalie akulowa m'nyanja madzulo ano. Ndawauza adzere pano, mafupa anuwa akawaponye pakuya."

"Si mafupa, mayi a Nadia. Ndi pulasitiki."

"Pulasitiki ingawondetse munthu wamkulu chonchi? Thalauza mwayamba kumangira chingwe. Ndikagwetsa supuni mukumalumpha. Anzanga kumsika ayamba kundifunsa ngati ndimakupatsani chakudya. Chilowereni bokosi ili m'nyumba muno, mwamuna wanga sindikumudziwanso."

Ananena zoona mkaziyo, ndipo zoona za mkazi wako zimapweteka kwambiri chifukwa ulibe kothawira. Swadick anayang'ana pansi.

"Ndipatseni masana ano okha. Lero ndi arubaini yawo, tsiku la makumi anayi chimwalirireni."

"Arubaini ya munthu wosaswali?"

"Munthu ndi munthu. Ndaitana Che Amidu ndi a Jenkins. Tisewere kamodzi kokha, ndikwaniritse zimene ndinalonjeza. Tikatha, bokosi mulitenge."

Zakia analoza kuseri kwa nyumba. "Kuseri, pansi pa mango, anthu asakuoneni. Swala ya Alasiri ikamakwana mukhale mutatha."

Mwini bokosilo anali a Luwo, mkulu wa ku China amene anabwera ndi kampani yomanga msewu. Kampu yawo inali cha ku Nkopola, ndipo Swadick anawaphikira zaka zitatu. Anali munthu wamfupi, waimvi, wokonda tsabola ngati alibe lilime. Anzawo a ku China anali anyamata okonda kukhala pafoni, choncho a Luwo anasowa osewera nawo majongi, masewera a tinjerwa akwawo ku Sichuwani. Majongi amafuna anthu anayi. Mkuluyo sanachite manyazi: anakoka wophika wawo, anakoka Jenkins makaniko wa ku Malindi, anakokanso Amidu mlonda wa pageti, nawaphunzitsa ndi manja ndi Chichewa chawo chothyokathyoka. Loweruka lililonse masana tebulo linkayalidwa. Sankaikapo ndalama. Wopambana ankatola timitengo ta machesi, ndipo potha masewera timitengoto tinkabwerera kukhitchini.

Tsiku lina akusewera, pamsewu panadutsa maliro. Onse anaima chilili mpaka jeneza lonyamulira mtembo litapitirira. Atakhalanso pansi, a Luwo anafotokoza kuti kwawo munthu akamwalira amamanga tenti pabwalo, n'kuyala matebulo ambirimbiri, anthu n'kumasewera majongi masiku atatu pafupi ndi mtembo. Amatero kuti womwalirayo azimva phokoso la anzake, asasungulumwe. Amidu anagwira pakamwa. Jenkins anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine kufa kuno, inu kusewera," anatero a Luwo, akuloza mmodzimmodzi. "Phokoso lambiri. Ine kumva."

Swadick ndi amene anatambasula dzanja. "Musadandaule, bwana. Maliro n'kulirana. Tidzasewera." Ankangocheza. Munthu wake anali gwa, ankakwera masitepe a giledala ngati mnyamata.

Chimene chinkamudya Swadick sichinali lonjezo lokhalo. Msewu utatsala pang'ono kutha, iye anasankhidwa kukhala m'komiti ya mzikiti, udindo umene anaulakalaka zaka zambiri. Sabata yomweyo mkulu wina anamuitanira pambali atatha kuswali Ijumaa. "Tamva mumatchova njuga ndi Matchaina. Munthu wa komiti?" Za machesi zija Swadick sanayese n'kuzitchula komwe. Anachita mantha. Loweruka litafika anaimbira Jenkins foni kuti sabwera, mayi a kunyumba agwidwa ndi malungo. Zakia nthawi imeneyo anali kumsika akugulitsa tomato, wathanzi ngati ng'ombe ya pa mtsinje.

Dzuwa litapendeka, Jenkins anatulukira pa njinga yamoto. Swadick anamuchingamira kumsewu kuti asafike pakhomo. Jenkins anamupatsa kapaketi ka mankhwala a malungo. "A Luwo akuti muwapatse alamu msanga. Iwonso thupi likutentha, koma akuti ndi fumbi chabe."

Lolemba m'mawa Swadick anapeza a Luwo akunyamulidwa kulowetsedwa m'galimoto, osazindikira munthu. Lachitatu anamwalira ku Blantyre ndi malungo a m'mutu, ndipo mtembo unakwezedwa ndege wina aliyense asanapepese. Pokonza m'chipinda mwawo, Swadick anatsegula kabati ya mankhwala. Munali mabandeji ndi mafuta opaka basi. Patebulo tinjerwa tinali titamangidwa kale makoma anayi, madayisi ali pakati, mipando inayi itakokedwa. Mnzawo wa a Luwo anangoti, "Tenga." Swadick anatenga, ndipo kapaketi kaja, kosatsegula, anakabisa pansi penipeni pa bokosi. Sanauze munthu.

Kuyambira pamenepo phokoso la tinjerwa linkamutsata masana dzuwa likuswa mtengo. Lole ikamakhuthula miyala pafupi ndi mlatho, ankalimva. Mbale zikagundana m'beseni, ankalimva. Ngakhale pa swala, mzikiti uli zii, ankamva khocho khocho kumbuyo kwake, ngati wina akusakaniza tinjerwa yekha podikira munthu amene wachedwa. Ankadziuza kuti mwina akanadwalabe, mwina mankhwalawo sakanathandiza. Mtima sunkavomera.

Jenkins anafika koyamba, manja akuda ndi girizi. Amidu, amene tsopano ankagulitsa usipa wouma, anabwera pambuyo akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku.

"Salaam aleikum. Wallahi, Che Swadick, ndabwera chifukwa cha inu. Akandiona apongozi anga ndithera pomwepo."

"Khalani pansi, inu," anatero Jenkins. "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ife tingoduka kamphindi kokha."

Swadick anayala chitenje chakale patebulo pansi pa mango, nakhuthula bokosi. Atatuwo anayamba kusakaniza tinjerwa chozondoka ndi manja onse awiri, zimene a Luwo ankati n'kutsuka. Phokosolo linali lomwe lija. Aliyense anamanga khoma lake, kanjerwa pamwamba pa kanzake. Swadick anamanga awiri, lake ndi la mbali yopanda munthu. Anaponya madayisi, nayamba kugawa. Atafika pa mpando wopanda munthuwo anaimika tinjerwa khumi ndi titatu moyang'anitsa kumpandoko.

Amidu anabweza manja m'mbuyo. "Ichi nde chiyani? Tikugawira ndani?"

"Eni ake. Nthawi yawo ikafika ndiziwatolera ine."

"Ayi, achimwene. Kusewera ndavomera, koma kuitana ayi."

Zakia anali akubwera ndi jagi ya madzi. Anaona mpando, anaona tinjerwa tili chilili patsogolo pake, ndipo jagi inatsala pang'ono kum'pulumuka.

"Asitaghafirulla! Pakhomo panga pano wakufa sagawiridwa. Chotsani zimenezo!"

"Anthu atatu sasewera, mayi a Nadia. A Luwo ankati tebulo la miyendo itatu ndi la mfiti."

"Sananene choncho," Jenkins ananong'oneza. "Mwawonjezera."

Palibe anaseka. Zakia anayang'ana mwamuna wake, ndipo anamumvera chisoni ngakhale anali wokwiya. Anaika jagi pansi, anakonza mpango kumutu, nakhala pampando paja mwamphamvu.

"Kusiyana n'kuti pakhale mzimu, bola pakhale ine. Ndiphunzitseni msanga, ndili ndi zochapa."

Swadick anatembenuza tinjerwa tingapo. "Tonse tilipo handiredi ndi eyiti, mitundu itatu. Iti ta timizeremizere ndi nsungwi. Iti tozungulira timati maso. Iti tolembedwa Chitchaina ndi zilembo. Mtundu uliwonse umayambira wani kulekeza naini, ndipo nambala iliyonse ili ndi tinjerwa tinayi tofanana."

"Nanga kambalame aka kakutani pakati pa nsungwi?"

"Ndiko wani wa nsungwi."

"Matchaina!" Zakia anapukusa mutu. "Nanga zilembozi ndiziwerenga bwanji?"

"Mzere umodzi, iwiri, itatu, n'zosavuta. Zinazo muzindifunsa," anatero Jenkins. "Ine zinanditengera miyezi iwiri. Che Amidu mpaka lero amasokoneza seveni ndi naini."

"Bodza!"

Swadick anapitiriza, ndipo mawu ake anayamba kukhazikika, poti ankabwereza zimene anauzidwa ndi mkulu uja. M'manja umakhala ndi tinjerwa khumi ndi titatu. Nthawi yako ikafika umatola kamodzi pakhoma, n'kutaya kamodzi pakati, kenako amasewera wa kudzanja lako lamanja. Cholinga n'kupanga magulu anayi a titatutitatu, kaya tofanana ndendende kaya totsatizana manambala mu mtundu umodzi, ndi tiwiri tofanana tomalizira. Kakhumi ndi chinayi kakakwaniritsa zonsezo, umati "hu", ndiye kuti wapambana.

"Milu inayi ya tomato ndi banyira," anatero Zakia. "Zimenezi ndi zimene zakhala zikukuchotsani pakhomo zaka zitatu?"

"Dikirani, alamu, msuzi uli pansi," anatero Jenkins.

"Wina akataya kanjerwa inu muli nato tiwiri tofanana nako, mumati 'pengi', n'kukatenga, n'kuyala titatuto poyera," anatero Swadick. "Koma kutenga kotayidwa kuti mulumikize manambala n'koletsedwa, pokhapokha ngati ndi komalizira kopambanira. Madera ena a ku China amalola, ndipo amakhalanso ndi tinjerwa ta mphepo ndi ta maluwa. A Luwo ankati akwawo anazitaya zonsezo, n'zochedwetsa. Tsono lamulo lalikulu ndi ili: tisanayambe, aliyense amasankha mtundu umodzi woukana. Mukaukana, mwaukana. Kanjerwa ka mtunduwo kakabwera muzikataya koyambirira, chifukwa simungapambane kali m'manja."

"Talaka, kusudzula mkazi," anatero Zakia. "Amuna mumazidziwa bwino zimenezo."

Amidu anaseka koyamba chifikireni.

"Chomaliza," anatero Swadick. "Wina akapambana masewera satha. Iye amagoneka tinjerwa take n'kupuma, otsalawo n'kupitiriza atatu, kenako awiri, mpaka atsale mmodzi kapena khoma lithe."

Zakia anakana zilembo, poti sankatha kuziwerenga. Anayamba. Poyamba ankagwira tinjerwa ndi nsonga za zala ngati tingamulume, koma mkazi amene wakhala zaka khumi pamsika sachedwa kuona chimene chikugwirizana ndi chinzake. Amidu atataya faifi wa maso, iye anamenya patebulo.

"Pengi! Bweretsani kuno."

"Ee, alamu! Ulendo woyamba?"

Jenkins atataya sikisi wa nsungwi, Zakia anafunanso kutenga kuti alumikize ndi faifi ndi seveni, koma onse atatu anakuwa pamodzi kuti ayi, ndipo anabweza dzanja akung'ung'udza kuti malamulo a ku Sichuwani ndi ankhanza. Tinjerwa tinkagogoda, nkhuku zinkadutsa pansi pa tebulo, mango osapsa ankagwa ndi mphepo ya kunyanja. Swadick anamva chifuwa chikumasuka pang'ono, koyamba m'masiku makumi anayi. Anaganiza kuti mwina zitha choncho: asewera, bokosi lipita pakuya pamodzi ndi zonse zili m'menemo, iye n'kuyambanso kudya. Anaiwala kuti mlandu suwola.

Jenkins anali atasangalala, ndipo Jenkins akasangalala pakamwa sipatsekeka.

"A Luwo akanakondwa kukuonani pampando wawo muli gwa chonchi, alamu. Tsiku lija anadandaula za inu kwabasi. Ife tamanga makoma, tikudikira, ine n'kuwauza kuti wophika sabwera, akazi awo adwala. Basi anadzuka pomwepo, ali njenjenje, kukatsegula kabati. Anakuthandizani eti mankhwala aja?"

Zakia anali atatola kanjerwa. Dzanja linaima m'malere.

"Mankhwala ati, alamu?"

"A malungo aja. Ndinabweretsa ndine, Loweruka lomaliza lija."

"Ine malungo ndinadwala komaliza ndili ndi pakati pa Nadia."

Jenkins anayang'ana Swadick. Amidu nayenso anayang'ana Swadick.

Swadick anawerama pang'onopang'ono, anakoka bokosi lopanda kanthu lija, nachotsa kansalu kofiira ka pansi pake. Anatulutsa kapaketi, nakaika pakati pa tebulo pamodzi ndi tinjerwa totayidwa. Timapilitsi tachikasu tinali tonse m'malo mwake.

"Ndinanama," anatero. "Ndinaopa a komiti. Ndinasowa chonena, ndiye ndinatchula inu. Awa anali omaliza m'kabati mwawo. Ndinakaona ndekha pokonza m'chipinda mwawo."

"La haula," Amidu ananong'ona.

Jenkins anavula chipewa, nachifinya m'manja. "Ndinawauza ine kuti bwana, inunso mukutentha, sungani. Anandikankhira pakhomo. Akuti, 'Mayi kudwala, nyumba yonse kudwala.' Ndinathamanga nawo ngati ambulansi, Che Swadick. Munandilandira kumsewu, n'kundithokoza."

Swadick analira. Sanabise nkhope, analira poyera ngati mwana, misozi ikugwera pa chitenje. Anali ndi manyazi oti sanakhalepo nawo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni chenicheni cha mkulu uja, chimene mantha anali atachitsekereza masiku onsewa.

Zakia sanakuwe. Akanakuwa zikanakhalako bwino. Anatola kapaketi kaja, anakatembenuza, nakabwezera pomwe kanali.

"Munandidwalitsa ndi pakamwa panu ine ndili kumsika," anatero motsitsa. "Munthu anadzimana mankhwala chifukwa cha ine, woti sanandionepo n'kamodzi komwe. Masiku makumi anayi ndakhala ndikumutcha chiwanda m'nyumba muno, katundu wake ndikuti mafupa, inu muli phee kumandimvetsera. Lero mukanandisiya ndimutaye m'nyanja."

"Ndikhululukireni, mayi a Nadia."

"Ine mundisiye kaye."

Swadick anatambasula dzanja kuti agwetse tinjerwa take, masewera athere pomwepo. Zakia anamugwira pamkono.

"Musagwetse. Mwanena nokha kuti satha mpaka atsale mmodzi. Munthu munamulonjeza. Ndi nthawi ya ndani?"

"Yanu, alamu," anatero Amidu chapansipansi.

Anataya kanjerwa kamene kanali m'dzanja lake, ndipo anapitiriza. Panalibenso nthabwala. Amidu anapambana koyamba, anati "hu" ngati akupepesa, nagoneka tinjerwa take. Patapita kanthawi Jenkins anatola komalizira kake pakhoma, nayenso anagoneka osayang'ana munthu. Anatsala awiri, mwamuna ndi mkazi wake, atayang'anizana. Wina kutola, kutaya. Wina kutola, kutaya. Swadick ankaona tinjerwa mwachimbuuzi, ndipo kawiri konse anataya kamene ankakafuna. Zakia ankaponya take mwamphamvu, tebulo n'kumagwedezeka. Khoma linafupika mpaka linatha, popanda wa iwo wopambana.

Kutsogolo kunamveka mawu. "Odi kuno! Achemwali, katundu uja ali kuti? Anzanga akundidikira kudoko."

Zakia anadzuka, nazungulira nyumba. Amuna atatuwo anamva akulankhula ndi mchimwene wake, mawu ochepa, kenako belu la njinga likupita kutali. Atabwerera anaima pafupi ndi tebulo, manja m'chiuno.

"Bokosi silipita kulikonse. A Jenkins, Che Amidu, Loweruka lililonse muzibwera. Mpando uwu ndi wanga."

Swadick anadzutsa mutu. "Zikomo, mayi a Nadia. Wallahi, zikomo."

"Musandithokoze, simunamve zonse. Kuseri kuno ayi. Tebulo ili liziyalidwa pakhonde, kutsogolo, poyang'ana msewu. A komiti akafunsa, muziwayankha nokha ndi pakamwa panu, za machesi ndi za mankhwala zomwe. Dzina langa musadzalitchulenso." Anayamba kukankhira tinjerwa m'bokosi ndi dzanja. "Munthuyo kwawo amamusewerera masiku atatu. Ife tasewera kamodzi, mobisala ngati akuba. Nyamulani tebulo."

"Panopa? Alasiri yakwana. Anthu akudutsa."

"Ndikuwaona."

Kumzikiti adhana yoitanira anthu ku swala inali itayamba. Pamsewu amuna ovala mikanjo yoyera ankadutsa awiriawiri, ena mwa iwo anthu amene Swadick ankakhala nawo pamphasa imodzi pamisonkhano ya komiti. Jenkins ananyamula mipando iwiri. Amidu anazengereza, anakanda m'mutu, kenako ananyamula inayo.

Swadick anapukuta nkhope ndi malaya. Anagwira tebulo mbali zonse ziwiri, nalisenza, ndipo anatsata mkazi wake kupita kutsogolo.